Dikembe Mutombo ndi ntchito yolondera mkombero

Belu lomaliza litalira mu mzinda wa Seattle pa 7 Meyi 1994, Dikembe Mutombo anagwa chagada pabwalo, mpira ataukweza ndi manja onse awiri pamwamba pa nkhope yake, pakamwa pali yasa ndi chimwemwe. Timu yake ya Denver Nuggets inali itangochita zimene zinali zisanachitikepo mu ligi ya basiketibolo ya ku America ya NBA. Inalowa mu ndime ya chipulula ili pa nambala 8, kumchira kwenikweni kwa matimu a chigawo chakumadzulo, itapambana magemu 42 okha pa 82. Seattle SuperSonics ya Gary Payton ndi Shawn Kemp inali pa nambala 1 ndi magemu 63, kuposa timu ina iliyonse chaka chimenecho. Woyamba kupambana magemu atatu ndiye ankapitirira. Seattle inatenga awiri oyambirira, anthu nkumati basi zatha. Denver inatenga atatu otsatirawo, ndipo m'magemu asanuwo Mutombo anatchinga mipira 31 imene inali paulendo wopita mumkombero.

Mipira 31 ndi yambiri zedi, koma tiyeni tiwerengere moyo wake wonse. Anasewera magemu 1,196 m'masizoni 18, natchinga mipira 3,289. Mukagawa, ikubwera yosakwana itatu pa gemu. Timu ya NBA imaponya cha kumkombero ka 80 kapena kuposerapo pa gemu imodzi. Nanga munthu amene amagwetsa mipira itatu pa 80, amenenso payekha ankagoletsa mapointi osakwana 10 pa gemu, anasankhidwa bwanji kanayi konse, mu 1995, 1997, 1998 ndi 2001, kukhala wotchinga woposa onse m'ligi? Yankho lili m'mipira imene sinaponyedwe nkomwe chifukwa cha iye, ndipo imeneyo palibe kalaliki amene amailemba.

Mkombero wa basiketibolo uli pa mamita 3.05 kuchokera pansi, chimodzimodzi wa ntchemberembaye. Kusiyana kwake nkwakuti mu ntchemberembaye ogoletsa ndi awiri okha ndipo wotchinga amaima masentimita 90 kuchokera pa amene wagwira mpira, pamene mu basiketibolo onse asanu amaloledwa kugoletsa, amathamanga akunjanjitsa mpira, ndipo wotchinga amatha kumuyandikira munthu mpaka kumva kupuma kwake. Mpira umalowa mosavuta ukaponyedwa pafupi penipeni ndi mkombero. Munthu ali pamenepo popanda womusokoneza saphonyaphonya. Akatalikirako mamita anayi kapena asanu, ngakhale katswiri amataya theka la mipira yake kapena kuposa. Nchifukwa chake timu imene ili ndi mpira imalimbana kuti ifike pansi pa mkombero, pamene inzake imalimbana kuti aponyere kutali. Senta, amene amakhala wamtali koposa mu timu, amaima pakati pa mkangano umenewu.

Taganizani wosewera wamfupi waliwiro amene wamuthawa womulondera, akulunjika kumkombero. Akadzutsa maso akupeza chimunthu cha mamita 2.18 chatukula manja. Akalimba mtima nkuponyabe, mpira nkumenyedwa, ndiye akalaliki amalemba kuti Mutombo watchinga. Kawirikawiri mnyamatayo amaukweza mpirawo m'mwamba mopitirira kuti ulumphe zala zija, kapena amautaya mwaphuma asanakhazikike, nkuphonya. Papepala palembedwa kuti waphonya yekha. Nthawi zina amangobwerera nkupatsira mnzake amene ali kunja, uku masekondi 24 amene timu imapatsidwa kuti iponye akutha, ndipo mnzakeyo amaponya zongoti ndichotsepo. Apa cholemba palibiretu. Ikachitika kangapo m'chigawo choyamba, pofika chachinayi timu yonse imakhala yasiya kulowa mkati popanda mphunzitsi kuiuza.

Phindu lina limagwera anzake anayi aja. Wolondera kunja amene akudziwa kuti kumbuyo kulibe munthu amaima motalikira, kuopa kudutsidwa. Akadziwa kuti kumbuyo kuli Mutombo amamukanikiza munthu wake, amayesa kulanda mpira, ndipo akalephera sadandaula chifukwa wothawayo akuthawira kumpanda. Amachita kumulondolera dala kumeneko. Mnzake wa mu timu, Mookie Blaylock, anatsogola ligi yonse pa kulanda mipira mu 1997 ndi 1998, masizoni awiri oyamba a Mutombo ku Atlanta Hawks. Blaylock anali ndi manja akuba kale, sitingamulande ulemu wake, koma kuba kumakoma ukadziwa kuti ukaphonya wina akonza.

Chodabwitsa nchakuti luso lonseli analiphunzira mochedwa. Anabadwira ku Kinshasa, m'dziko la Congo, pa 25 Juni 1966, m'banja la ana khumi la mtundu wa Aluba, ndipo dzina lake lonse ndi Dikembe Mutombo Mpolondo Mukamba Jean-Jacques Wamutombo. Bambo ake, a Samuel, anali mkulu wa sukulu. Ali mwana ankasewera mpira wa miyendo ngati mwana wina aliyense wa mu Kinshasa, ndipo basiketibolo anailimbikira ali ndi zaka za m'ma 16, bambo ake ndi mkulu wake ataona msinkhu umene unkabwerawo. Mu 1987 anapita ku yunivesite ya Georgetown ku Washington pa thandizo la maphunziro la USAID, cholinga chake chili choti akhale dokotala nkubwerera kwawo. Chingerezi ankachidziwa pang'ono kwambiri pofika, ngakhale kuti pambuyo pake ankayankhula zilankhulo zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo Chifalansa, Chilingala, Chiluba, Chiswahili, Chipwitikizi ndi Chisipanishi.

Ku Georgetown kunali mphunzitsi John Thompson, ndipo mwayi wa Mutombo unali pamenepo. Thompson nayenso anali senta pa unyamata wake, ndipo anakhala masizoni awiri ku Boston Celtics akulowa m'malo mwa Bill Russell akatopa, Russell amene ambiri amamuyesa tate wa luso lotchinga mipira. Thompson anali atatulutsa kale senta wotchuka Patrick Ewing. Anamuika Mutombo limodzi ndi Alonzo Mourning, ndipo awiriwa anatseka mkombero mpaka ophunzira ena ankakhala pamzere wawowawo pansi pa mkombero nkumapachika chithunzi cha dzanja nthawi iliyonse mpira ukatchingidwa. Mu sizoni yake yoyamba Mutombo anatchinga mipira 12 pa gemu imodzi yolimbana ndi St. John's. Za udokotala zinathera pomwepo, chifukwa maphunziro ake sakanayenderana ndi maulendo a timu, ndipo mu 1991 anatenga digiri ya zilankhulo ndi ukazembe. Chaka chomwecho Denver inamusankha pa nambala 4 mwa achinyamata olowa mu NBA. Anali ndi zaka 25, msinkhu umene anzake amakhala atasewera kale masizoni atatu, ndipo nthabwala zoti ndi wamkulu kuposa zimene mapepala akunena zinamutsatira mpaka mapeto. Osewera a ku Africa amazidziwa nthabwala zimenezi, ndipo sizikoma kwa amene akunenedwayo.

Kutalika kokha sikutchinga mpira. Amtali ambiri alowa mu NBA nkutuluka osasiya dzina. Lamulo limati mpira ukayamba kutsika kulowera kumkombero, kapena ukakhudza thabwa uli pamwamba pa mkombero, wotchinga asaukhudze. Akaukhudza, woyimbira amapereka mapointiwo ngati kuti walowa. Ndiye mpata wotchingira ndi kanthawi kochepa kuchokera pamene mpira wachoka m'manja mpaka pamene wafika pachimake. Ukadumpha msanga, woponyayo amangonamizira, iwe uli m'malere, iye nkudutsa kapena kudzigunditsa kwa iwe kuti upatsidwe faulo. Mafaulo akakwana asanu ndi limodzi watuluka, ndipo senta amene wakhala pabenchi saopseza munthu. Mutombo ankadikira. Ankaima chilili, manja ali m'mwamba, nkudumpha pambuyo pa woponyayo, podziwa kuti kutalika kwa mikono yake kumubwezera nthawi imene wataya podikira. Ankadumphanso molunjika m'mwamba osagwera munthu, chifukwa lamulo limamupatsa wotchinga danga lonse la pamwamba pa malo amene waima.

Palinso nkhani ya komwe ukuchokera. Mipira yambiri imene senta amatchinga imakhala ya anthu a anzake. Amasiya munthu wake kumbali imene kulibe mpira, nadutsa pansi pa mkombero kukakumana ndi amene wathawa uja. Akanyamuka msanga, mpira upatsiridwa kwa amene wasiyidwayo, amene angouvwika mumkombero popanda womuletsa. Akachedwa, wagoletsedwa kale. M'zaka za m'ma 1990 izi zinali zovutirapo chifukwa lamulo linkaletsa kulondera malo. Aliyense ankayenera kukhala pafupi ndi munthu wake kapena kupita kotheratu kukathandiza pa amene ali ndi mpira, osangoima pakati nkumadikira. Chimene chinkamupepukitsira Mutombo ndi chakuti masenta a nthawi imeneyo ankasewerera pafupi ndi mkombero, choncho polondera munthu wake amakhala ali kale pakhomo. Senta amaonanso bwalo lonse popeza ali kumbuyo kwa onse, ndiye ndi iye amene amakuwa kuchenjeza anzake za amene akubwera kudzawatsekera njira. Mawu a Mutombo, okhuthala ndi osasa ngati a munthu wachimfine chosatha, sankasowa pabwalo.

Kutchinga sikutha mpaka mpira utagwidwa. Mukawakakamiza kuphonya koma iwo nkutolanso mpira wobwerera kuchokera kumkombero, mwagwira ntchito yaulere. Mutombo anatola mipira yobwerera 12,359 pa moyo wake, yoposa mapointi ake 11,729, ndipo anatsogola ligi pa ntchito imeneyi mu 2000 ndi 2001. Akautola ankatambasula zigongono, ndipo zigongonozo zinavulaza nkhope za anthu angapo. Iye ankati sachita dala, kungoti zigongono zake zili pa msinkhu wa nkhope za ena. Ovulalawo sankavomereza.

Tsopano chala chija. Akatchinga mpira ankatukula chala cha mkombaphala nkuchigwedeza uku ndi uku, monga mmene mayi amaletsera mwana amene akufuna kutomola ndiwo alendo asanadye. Ambiri amachikumbukira ngati nthabwala, ndipo atapuma chinalowadi m'malonda a pa wailesi yakanema. Ine ndimachiona ngati chida cha ntchito. Ngati phindu lalikulu la wotchinga lili m'mantha a amene akubwera, ndiye mpira uliwonse wotchingidwa uyenera kulengezedwa kuti onse pabwalo, ngakhale amene akuonera kunyumba amene adzakumane naye sabata yamawa, ausunge m'mutu. Mipira itatu pa gemu imaiwalika, koma chala chinkaikhazika m'maganizo. Akuluakulu a ligi anachiona ngati chipongwe nayamba kumulipiritsa faulo ya khalidwe imene amati technical, iye nkungotembenuka kumachigwedezera kwa ochemerera.

Chalacho chinkaitananso adani. Kumayambiriro kwa 1997, pa gemu ya akatswiri osankhidwa, Mutombo anamuseka Michael Jordan wa Chicago Bulls m'chipinda chovalira kuti sanamudumphepo nkuvwika mpira pamutu pake. Miyezi ingapo pambuyo pake Chicago Bulls inakumana ndi Atlanta mu chipulula. Pa gemu yachisanu Jordan anadzera m'mbali, anakwera, nauvwika mpira Mutombo ali pomwepo, kenako anamugwedezera chala chake chomwe. Jordan anapatsidwa technical, Chicago inapambana magemu anayi kwa imodzi. Senta amene amathamangira mpira uliwonse amadumphidwa ndithu nthawi zina, ndipo chithunzi chake chimazungulira dziko. Ena amapatuka kuti asachite manyazi. Mutombo sankapatuka.

Anapita ku Atlanta mu 1996 pa mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 55 miliyoni, atatsogola ligi pa kutchinga masizoni atatu otsatizana ali ku Denver. Atlanta inali timu yabwino, inapambana magemu 56 sizoni yake yoyamba, koma sinafike patali. Mwayi weniweni wa chikho unabwera mu Febuluwale 2001. Pa gemu ya akatswiri chaka chimenecho timu yakum'mawa inali kumbuyo ndi mapointi 21 m'chigawo chomaliza, nkubwerera kupambana, Mutombo atatola mipira yobwerera 22. Mphunzitsi wa timuyo anali Larry Brown wa Philadelphia 76ers, amene senta wake Theo Ratliff anali atavulala. Pasanathe milungu iwiri Mutombo anali ku Philadelphia.

Timu imeneyo inamangidwa mosavuta kumvetsa: Allen Iverson agoletse, ena onse atchinge. Pa gemu yachisanu ndi chiwiri yolimbana ndi Milwaukee Bucks, yolowera mu fainolo, Mutombo anagoletsa mapointi 23, anatola mipira 19, natchinga 7. Mu fainolo anakumana ndi Los Angeles Lakers ya Shaquille O'Neal ndi Kobe Bryant, ndipo apa mpomwe malire a luso lake anaonekera. Zonse zimene tafotokozazi zimagwira ntchito pa munthu amene akuopa kugundana nawe. O'Neal, wolemera makilogalamu pafupifupi 150 pamene Mutombo anali cha m'ma 118, ankafuna kugundanako. Ankalandira mpira atamufulatira, namukankha ndi msana ndi phewa mpaka pansi pa mkombero, pamene kutalika kwa mikono sikuthandizanso. Brown anamusiya Mutombo kuti alimbane naye yekha nthawi zambiri. Philadelphia inapambana gemu yoyamba, yokhayo imene Lakers inagonja m'chipulula chonse cha chaka chimenecho, ndipo pa gemu yachitatu O'Neal anatuluka atakwanitsa mafaulo asanu ndi limodzi. Komabe anagoletsa mapointi 33 pa gemu, Lakers nkutenga chikho ndi magemu anayi kwa imodzi. Mutombo anafikanso fainolo mu 2003 ndi New Jersey Nets, akusewera mphindi zochepa, nagonja kwa San Antonio Spurs. Chikho sanachigwirepo.

Atadutsa ku New York Knicks anakhazikika ku Houston Rockets kuyambira 2004, akulowa m'malo mwa senta wa timuyo, Yao Ming, akapuma. Zaka zimenezi zimasonyeza bwino kuti luso lake linali m'mutu, chifukwa miyendo inali itatha koma kudziwa poima ndi nthawi yodumphira kunalipobe. Mu Malichi 2007, ali ndi zaka 40, anatola mipira yobwerera 22 pa gemu imodzi. Mu 2008 Houston inali itapambana magemu 12 otsatizana pamene Yao anavulala phazi. Mutombo wa zaka 41 anayamba kulowa koyambirira, ndipo mndandandawo unafika magemu 22. Pa 21 Epulo 2009, mu chipulula ku Portland, anagwa molakwika polimbirana mpira ndi Greg Oden, bondo nkuwonongeka, ndipo anamutulutsa pamachira. Pa kutchinga mipira amamuposa ndi Hakeem Olajuwon yekha wa ku Nigeria, amene ali ndi 3,830. Tikumbukire kuti ligi inayamba kuwerenga mipira yotchingidwa mu sizoni ya 1973-74, Russell ndi Wilt Chamberlain atapuma kale.

Kodi Mutombo akanatha kusewera masiku ano? Funsoli limabwera kawirikawiri, ndipo lili ndi maziko. Mu 2001 ligi inalola kulondera malo, koma inaika lamulo loti wotchinga asaime pansi pa mkombero masekondi oposa atatu ngati sakulondera munthu. Chachikulu ndi kuponyera kutali. Mu sizoni ya 1993-94 timu inkaponya mipira ya mapointi atatu pafupifupi 10 pa gemu. Mu 2023-24 inali pafupifupi 35. Masenta ambiri tsopano amaponyera kutali nawonso, ndiye wolondera mkombero amakokedwa kutuluka mamita asanu ndi awiri, khomo nkutsala pululu. Matimu amachitanso dala kumusaka senta wolemera miyendo. Munthu wake amapita kukatsekera njira wolondera kunja, ndipo senta akabwerera m'mbuyo kuteteza mkombero, wampira amaponya momasuka. Akatuluka kukamuletsa, amadutsidwa. Rudy Gobert wa ku France, amene mu 2024 anafanana ndi Mutombo ndi Ben Wallace popambana mphoto ya wotchinga woposa kanayi, wakhala akuvutitsidwa motere mu chipulula, komabe matimu ake amakhala m'gulu la ovuta kuwagoletsa chaka ndi chaka. Ndikuganiza kuti Mutombo akanakhala chimodzimodzi. Mipira yotchinga ikanachepa, mausiku ena akanamukhazika pabenchi, koma malo a pansi pa mkombero akadali osavuta kugoletserapo koposa pabwalo, ndipo wowatseka akadali ndi ntchito. Amene anatsogola pa kutchinga mu 2023-24, Victor Wembanyama, mizu ya bambo ake ili ku Congo komweko.

Udokotala umene anausiya ku Georgetown unabwerera mwa njira ina. Mu 1997 anakhazikitsa bungwe la dzina lake lothandiza za umoyo ndi maphunziro kwawo. Mayi ake, a Biamba Marie, anamwalira ku Kinshasa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 atadwala sitiroko, dziko lili pa chipwirikiti cha nkhondo. Chipatala chimene anamanga ku Masina, dera la anthu ambiri kum'mawa kwa mzindawo, anachitcha dzina lawo. Chinadya madola 29 miliyoni, ndipo 15 miliyoni mwa amenewo zinachokera m'thumba mwake. Chinayamba kulandira odwala mu 2007. Anali m'gulu la otsogolera misasa ya Basketball Without Borders ya mu Africa imene inayamba ku Johannesburg mu 2003, momwe munadutsa anyamata ngati Joel Embiid ndi Pascal Siakam a ku Cameroon, ndipo mu 2009 NBA inamusankha kukhala kazembe wake woyamba wa dziko lonse. Mu 2015 analowa m'nyumba ya ulemu ya akatswiri a basiketibolo ya Naismith. Atlanta ndi Denver anapachika nambala yake 55 kuti wina asadzaivalenso.

Mu Okutobala 2022 banja lake linalengeza kuti akulandira chithandizo cha chotupa cha mu ubongo ku Atlanta. Anamwalira komweko pa 30 Sepitembala 2024 ali ndi zaka 58, tsiku limene matimu ambiri a NBA ankakumana ndi atolankhani poyamba sizoni yatsopano. Masai Ujiri wa ku Nigeria, amene panthawiyo ankatsogolera Toronto Raptors, anamva uthengawo tsiku lomwelo, ndipo anayankhula za iye pamaso pa makamera misozi ili mbwembwembwe.